MAKOBIRI OBOOKA A KU CHINA

Akuluakulu ambiri a m'boma la Phalombe alikukumbukirabe kobiri lija lobooka pakati, limene linali ndi chithunzi cha njobvu ziwiri zoimirira, ndiponso theka lake limene linali ndi akadyansonga awiri. Makobiri amenewo anayamba kuyenda m'chaka cha 1955, pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chifukwa cha chiboo chija munthu anali kutha kuwatunga pa chingwe, nayenda nao ku msika wopanda mantha akuti agwa pa njira. Ngakhale lero makobiri otere alikupezekabe m'mabokosi a agogo, ndipo nthawi zina khasu liwafukula m'munda.

Koma ulipo mtundu wina wa kobiri lobooka umene uzunguza anthu mitu. Chiboo chake sichiri chozungulira ai, koma cha ngondya zinai ngati zenera. Palibe nambala ya chaka, palibe nkhope ya mfumu, ndipo palibe chilembo ngakhale chimodzi chimene mwana wa sukulu angathe kuchiwerenga. Limeneli ndilo kobiri la ku China. Munthu wosalidziwa angaliyese golide, kapena mankhwala okoka chuma, ndipo pamene pali kusadziwa kotere anthu onyenga sachedwa kufika. Nchifukwa chake nkhani yino irikufotokoza za makobiri amenewa, kuti aphunzitsi, mafumu ndi onse odziwa kuwerenga athe kuthandiza anzao m'midzi.

NDALAMA ZISANAFIKE KUNO

Poyamba nkofunika kudziwa kuti makobiri a ku China sanakhalepo ndalama yogulira malonda m'dziko lino. Makolo akale anali kusinthana zinthu. Mchere wa ku mbali za nyanja ya Chilwa, makasu a osula, mikanda, nsalu, mbuzi ndi nkhuku ndizo zinali ndalama zao. Amalonda a Chiyao anali kupita ndi minyanga ya njobvu ndi akapolo ku Quelimane, akudzera pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Pa mpata womwewo Boma la Angerezi linamanga linga la Fort Lister m'chaka cha 1893 kuti litseke njira ya akapolo.

Ndalama za chitsulo zinafala pamene Boma linayamba kukhometsa msonkho, ndi pamene anthu anayamba kugwira nchito m'minda ya Azungu. Kunayenda marupiya a ku India kanthawi, kenaka mapaundi, mashilingi ndi mapeni a ku England, pambuyo pake ndalama za ku Southern Rhodesia ndi za Chitaganya. Dziko la Malawi linatulutsa ndalama zakezake m'chaka cha 1964, ndipo kwacha ndi tambala zinayamba m'mwezi wa February 1971. Mau akuti "kobiri" anachokera kwa Apwitikizi, amene atchula mkuwa kuti cobre. Tsono kobiri ndi ndalama ya mkuwa, ndipo dzinali liyenera bwino ndalama za ku China zimene zirikunenedwa pano.

DZIKO LA CHINA NDI MAFUMU AKE

China ndi dziko lalikulu kwambiri la kum'mawa, kutsidya kwa nyanja ya mchere, kupitirira India. Anthu ake anadziwa kusungunula mkuwa ndi kupanga ndalama kale lomwe. M'chaka cha 221 Yesu asanabadwe, mfumu Qin Shi Huang inagwirizanitsa maiko angapo kukhala dziko limodzi, ndipo kobiri lozungulira la chiboo cha ngondya zinai linakhala ndalama ya dziko lonselo. Maonekedwe amenewa anakhalabe chomwecho kwa zaka zoposa 2,000.

Ufumu wa ku China unali kuyenda m'mabanja. Banja limodzi linali kulamulira zaka zambiri, kufikira lina litalanda mpando. Mabanja awiri otsiriza ndiwo a Ming, amene analamulira kuyambira 1368 mpaka 1644, ndi a Qing (atchula ngati "Ching"), amene analamulira kuyambira 1644 mpaka 1912. A Qing anali a mtundu wa Manchu wochokera kumpoto chakum'mawa, ndipo anali ndi chinenero chao ndi malembo aoao. Makobiri ambiri amene apezeka m'manja mwa anthu lero ndi a banja la Qing, pakuti ndiwo a posachedwa ndipo anapangidwa ochuluka ndithu.

KAPANGIDWE KAKE

Ndalama za masiku ano azidinda ndi makina, monga kalaliki adinda kalata ndi chidindo. Makobiri a ku China sanali odinda, koma oyenga. Mmisiri wamkulu anali kusema kobiri limodzi lokongola la chitsanzo, ndipo pa limenelo anali kuumbirapo ena otchedwa "amai a makobiri". Amai amenewa anali kuwakanikiza m'bokosi la mchenga wosalala wonyowa, m'mizere iwiri, kotero kuti powachotsa m'mchengamo munali kutsala malo ao ndi malembo ao omwe. Pakati pa mizereyo anali kusiyapo kanjira. Atabvundikira bokosilo ndi linzake, anali kuthiramo mkuwa wosungunuka wa m'ng'anjo. Mkuwawo ukazizira unali kutuluka ngati nthambi ya mtengo yokhala ndi masamba uku ndi uku, ndipo masambawo ndiwo makobiri.

Atawathyola pa nthambipo, m'mbali mwao munali mwa manomano. Apa ndipo pamene paoneka nchito ya chiboo cha ngondya zinai. Amisiri anali kutunga makobiri ambirimbiri pa ndodo ya ngondya zinai, ndi kuwapala onse pamodzi ndi tupa. Chiboo chikadakhala chozungulira, makobiri akadangotembenuzika pa ndodopo monga gudumu la njinga, ndipo tupa silikadagwira. Matchaina ananenanso kuti kuzungulira kwa kobiri ndi chizindikiro cha thambo, ndi ngondya zinaizo ndi chizindikiro cha dziko lapansi.

Mkuwa wake sunali wokhawokha. Anali kuusakaniza ndi zinki, chitsulo chija akutira malata a denga kuti asachite dzimbiri, ndi mtobvu pang'ono. Nchifukwa chake kobiri likakwechedwa lioneka lachikasu ngati golide. Koma mulibe golide m'menemo. Poyamba mkuwa wambiri unali kuchokera ku Japan. Pamene a ku Japan anachepetsa malonda amenewa m'chaka cha 1715, Boma la China linatembenukira ku migodi ya chigawo cha Yunnan, kutali kumwera chakumadzulo, ndipo mkuwa unali kuyenda miyezi yambiri pa misana ya nyama ndi m'ngalawa kufikira ku Beijing.

KAWERENGEDWE KAKE

Kumaso kwa kobiri kuli zilembo zinai zozinga chiboo. Aziwerenga motere: choyamba cha pamwamba, chachiwiri cha pansi, chachitatu cha ku dzanja lamanja, chachinai cha ku dzanja lamanzere. Ziwiri za pamwamba ndi pansi zinena dzina la nyengo ya mfumu. Ziwiri za m'mbali, pa makobiri ochuluka, zinena kuti tong bao, ndiko kuti "chuma choyenda ponseponse". Mau amenewa anayamba kulembedwa pa makobiri m'chaka cha 621.

Dzina la kubadwa la mfumu silinali kulembedwa. Monga kuno mkamwini satchula dzina la apongozi ake, ku China kunali koletsedwa kutchula kapena kulemba dzina lenileni la mfumu. Mfumu ikalowa ufumu inali kupatsa nyengo yake dzina, ndipo zaka zinali kuwerengedwa kuyambira pamenepo. Maina a nyengo za mafumu a Qing ndi awa:

Shunzhi, 1644 mpaka 1661
Kangxi, 1662 mpaka 1722
Yongzheng, 1723 mpaka 1735
Qianlong, 1736 mpaka 1795
Jiaqing, 1796 mpaka 1820
Daoguang, 1821 mpaka 1850
Xianfeng, 1851 mpaka 1861
Tongzhi, 1862 mpaka 1874
Guangxu, 1875 mpaka 1908
Xuantong, 1909 mpaka 1911

Munthu wosadziwa Chitchaina angathebe kuzindikira ena mwa mainawa pa kobiri la Qing. Chiripo chilembo chotanthauza "kuwala", chooneka ngati miyendo iwiri yosenza thabwa, ndi timizere titatu pamwamba pa thabwalo. Chilembo chimenechi chikakhala pansi pa chiboo, kobirilo ndi la Daoguang; chikakhala pamwamba, ndi la Guangxu. Pansi pakakhala chilembo chosabvuta cha mizere isanu yoongoka, ndi la Yongzheng. Pamwamba pakakhala chilembo chonga khomo la nyumba, m'kati mwake muli kamzere ndi kabokosi, ndi la Tongzhi. Otsalawo afunika kuyerekeza ndi zithunzi za m'mabuku kapena za pa intaneti.

Kumbuyo kwa kobiri kuli zilembo ziwiri zopotanapotana ngati luzi. Amenewa ndi malembo a Chimanchu. Cha kumanzere chinena kuti boo, ndiko kuti "chuma", ndipo cha kumanja ndi dzina la nyumba imene kobirilo linayengedwa. Ku Beijing kunali nyumba ziwiri zazikulu, ina ya nthambi ya Boma yoyang'anira chuma, ina ya nthambi yoyang'anira zomangamanga, ndipo zigawo zambiri zinali ndi nyumba zaozao. Pa makobiri ena a Shunzhi ndi a Kangxi chilembo chimodzi ndi cha Chimanchu, china cha Chitchaina. Malembo a Chimanchu ndiwo umboni wakuti kobiri ndi la banja la Qing. Makobiri ambiri a mabanja akale kumbuyo kwao kulibe kanthu. Owerenga adziwenso kuti maiko a Japan, Korea ndi Vietnam anatengera luso lomweli, chomwecho si kobiri lirilonse la chiboo cha ngondya zinai limene liri la ku China.

Kobiri lotere silinena chaka chake chenicheni. La Qianlong lingakhale la kumayambiriro kapena la kumapeto kwa zaka 60 za nyengo imeneyo.

CHINGWE CHA MAKOBIRI 1,000

Kobiri linali ndalama ya anthu wamba, yogulira mpunga, mafuta ndi ndiwo. Kukula kwake kuli ngati inchi imodzi, pafupi kulingana ndi kobiri la njobvu lija, ndipo la nyengo ya Qianlong linayenera kulemera ngati magalamu 4½. Pa malonda akulu ndi powerengera msonkho anali kugwiritsa nchito siliva woyesa pa sikelo. Boma linafuna kuti chingwe cha makobiri 1,000 chilingane ndi muyeso umodzi wa siliva wotchedwa liang, umene uli ngati magalamu 37.

Apa pali samu yabwino ya ana a sukulu. Chingwe chimodzi chinali kulemera makilogalamu 4½. Munthu wokagula chinthu cha zingwe 10 anali kusenza makilogalamu 45, pafupi kulingana ndi thumba la chimanga, pamene mnzake wa siliva anali kungoika magalamu 370 m'thumba la malaya.

Koma msika sumvera lamulo nthawi zonse. M'nyengo ya Daoguang siliva anayamba kusowa m'dziko, mwa zina chifukwa chogulira mankhwala oledzeretsa otchedwa opium amene amalonda a ku Britain anali kubwera nao. Pofika zaka za m'ma 1840, liang imodzi inali kufuna makobiri 2,000, mwinanso kuposa. Mlimi anali kugulitsa mbeu zake ndi makobiri, koma msonkho wake unali kuwerengedwa m'siliva. Motero msonkho unamlemera kawiri, chinkana Boma silinaukweze. Mabvuto amenewa anathandiza kuutsa mkwiyo m'midzi.

MAKOBIRI AKULU A NTHAWI YA NKHONDO

M'nyengo ya Xianfeng kunabuka nkhondo ya pachiweniweni yotchedwa Taiping, imene inatha m'chaka cha 1864 anthu mamiliyoni ambiri atafa. M'chaka cha 1853 oukirawo analanda mzinda wa Nanjing, natseka njira imene mkuwa wa ku Yunnan unali kudzera. Boma linasowa mkuwa pa nthawi imene linafuna ndalama zambiri zolipira asilikali. Tsono linayamba kuyenga makobiri akulu, ndi kulembapo kuti limodzi liri m'malo mwa makobiri 10, kapena 50, kapena 100, kapena 500, ngakhale 1,000. Linayenganso ena achitsulo, ndi kutulutsa ndalama za mapepala.

Anthu sanapusitsike. Kobiri lolembedwa 1,000 linali kulemera ngati makobiri ang'onoang'ono 20 okha. Ochenjera anayamba kusungunula ang'onoang'onowo ndi kuyenga akulu mobisa. Ogulitsa anakana kuwalandira, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo m'chaka cha 1854 Boma linaleka kuyenga a 500 ndi a 1,000. Kobiri la 10 linakhalabe ku Beijing, koma pa msika linali kuyenda ngati makobiri awiri okha. Phunziro lake ndi lakuti ndalama iima pa chikhulupiriro cha anthu. Nambala yolembedwa payokha siikhutitsa mimba. Makobiri akulu amenewa ndiwo ena mwa amene osunga ndalama zakale awafuna kwambiri lero, ndipo chifukwa cha chomwecho ndiwonso amene onyenga awapanga kwambiri.

MAKOBIRI A CHINJOKA

M'chaka cha 1889 nyumba yodindira ndalama ndi makina inatsegulidwa mu mzinda wa Canton, umene lero utchedwa Guangzhou. Bwanamkubwa wa chigawocho, Zhang Zhidong, anaitanitsa makinawo ku kampani ya Heaton ya ku Birmingham, imene inadindanso ndalama zina za maiko a East Africa. M'chaka cha 1900 nyumba imeneyi inatulutsa kobiri la mtundu watsopano, la mkuwa wofiira, lopanda chiboo, loimira makobiri akale 10. Zigawo zina zinatsatira msanga.

Makobiri amenewa sabvuta kuwazindikira. Mbali ina kuli chinjoka chouluka cha mamba ndi zikhadabo. Anthu a mphepete mwa Michesi ndi Mulanje, amene adziwa nkhani za Napolo, sadzadabwa kumva kuti Matchaina naonso anali kunena kuti chinjoka chikhala m'madzi ndipo chibweretsa mvula. Koma kwa iwo chinali chizindikiro cha mphamvu ya mfumu ndi cha mwai. Pa ambiri palinso mau a Chingerezi. Akuti TEN CASH atanthauza makobiri 10. Akuti KWANG-TUNG, HU-PEH kapena KIANG-NAN ndi maina a zigawo. Akuti TAI-CHING-TI-KUO COPPER COIN atanthauza ndalama ya mkuwa ya ufumu waukulu wa Qing. Amenewa anabwera pamene Boma la ku Beijing linafuna kuti zigawo zonse zidinde mofanana, cha m'ma 1905 ndi 1906.

Bvuto lakale lija linabweranso. Kobiri latsopanoli linali kulemera ngati akale awiri okha, koma linali kuimira 10. Akulu a zigawo anaona phindu, nadinda ochuluka koposa muyeso, ndipo mphamvu yake inatsika. M'mwezi wa February 1912 mfumu yotsiriza, mwana wamng'ono dzina lake Puyi, inatula pansi ufumu, ndipo makobiri a mafumu anathera pomwepo.

ANGAFIKE BWANJI KUNO?

Ziripo njira zitatu zimene kobiri la ku China lingayendere kufikira m'mudzi wa ku Migowi, ku Chiringa kapena kwa Nkhulambe.

Yoyamba ndi malonda akale a pa nyanja ya mchere. Ngalawa za Aluya ndi Amwenye zinali kubwera ndi katundu wa ku China ku madoko a Aswahili zaka mazana ambiri Azungu asanafike. M'chaka cha 1945 mlimi wina wa ku Kajengwa pa chilumba cha Zanzibar anapeza makobiri a ku China oposa 170 a mabanja akale a Tang ndi Song. Pakati pa 1405 ndi 1433 zombo za Zheng He, kazembe wa mafumu a Ming, zinayenda maulendo asanu ndi awiri, ndipo ena mwa maulendowo anafika ku gombe la East Africa. M'chaka cha 1415 kadyansonga wochokera ku Malindi anaperekedwa kwa mfumu ya ku China. Makobiri a mfumu yomweyo, ya nyengo ya Yongle, anafukulidwa ku Kenya, lina ku Mambrui m'chaka cha 2010, lina pa chilumba cha Manda m'chaka cha 2013. Katundu wa ku China anafikanso m'dziko lino. Ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula mapale a mbale za ku China za nthawi ya Ming pamodzi ndi mikanda, mkuwa ndi minyanga.

Yachiwiri ndi maulendo a anthu a kuno. Anyamata a ku Nyasaland anayamba kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg kudzera pa Wenela m'chaka cha 1903, ndipo kuyambira 1904 mpaka 1910 ku migodi ya kumeneko kunagwiranso nchito Matchaina oposa 60,000. Asilikali a Keyala anamenya nkhondo ku Burma m'chaka cha 1944, ndipo kuyambira 1952 anatumidwa ku Malaya, kumene kukhala Matchaina ambiri. Munthu wa paulendo sabwera chimanjamanja, ndipo kakobiri kachilendo sikalemera m'thumba.

Yachitatu ndi malonda a masiku ano. Kuyambira pamene Malawi anamanga ubale ndi Boma la ku Beijing kumapeto kwa chaka cha 2007, anthu ndi katundu wa ku China achuluka m'dziko muno. Ku China kuli mwambo womanga makobiri a mafumu pa chingwe chofiira ndi kuwapachika m'nyumba, m'sitolo kapena m'galimoto ngati chizindikiro cha mwai. Ambiri a makobiri otere ndi atsopano, opangidwa m'fakitale mofanizira akale.

ENIENI NDI OFANIZIRA

Munthu asanaike mtima pa kobiri lake ayambe waliyesa motere:

1. Kobiri lenileni loyenga liri ndi timabango tating'ono ta mchenga pakati pa zilembo, ndipo liri lotha m'malo amene zala zinali kugwira. Lofanizira kawirikawiri liri lopyapyala, lowala, la m'mbali mwakuthwa.

2. Makobiri enieni safanana kwathunthu. Akakhala asanu ofanana ndendende, ndi chilema chomwe pa malo amodzimodzi, atuluka m'makina amodzi.

3. Dzimbiri lenileni la mkuwa ligwira zolimba. Lopaka lichoka ndi chikhadabo kapena madzi.

4. Mkuwa sukokedwa ndi maginito, monga aja a mu sipika ya wailesi. Kobiri looneka ngati mkuwa likamatirira, ndi chitsulo chopaka utoto. Achitsulo enieni a nyengo ya Xianfeng aoneka akuda kapena a dzimbiri lofiira.

Ngakhale kobiri likhale lenileni, mwini wake asayembekeze kulemera nalo. M'nyengo ya Qianlong nyumba za Boma zinali kuyenga makobiri oposa mamiliyoni 1,000 chaka chirichonse, ndipo otsala lero ndi osawerengeka. Kwa ogulitsa ndalama zakale m'maiko akunja, kobiri wamba la Qianlong, Jiaqing kapena Daoguang ndi la mtengo wochepa kwambiri, ndipo a chinjoka ambiri ali chimodzimodzi. Alipo ochepa a mtengo wapatali, monga amai a makobiri aja, koma kuwazindikira kufuna katswiri. Kukalamba kwa chinthu sindiko kusowa kwake.

Tsono akafika munthu m'mudzi ndi mau okoma, nanena kuti kobiri lakuti likoka ndalama, kapena kuti alipo Mzungu m'tauni wofuna kuligula ndi mamiliyoni koma pafunika kaye ndalama ya ulendo ndi ya "kuliyesa", ameneyo ndi wakuba. Kobiri siliswana m'bokosi. Likadakhala lokoka chuma, mwini wake sakadaligulitsa. Munthu asagulitse mbuzi kapena chimanga cha ana chifukwa cha mkuwa wa magalamu anai. Wotero akaneneredwe kwa a mfumu ndi ku Polisi.

KASUNGIDWE KAKE

Phindu lenileni la kobiri lakale ndi mbiri imene lisunga, ndipo mbiri imeneyo iwonongeka msanga m'manja mwa munthu wosasamala.

1. Asalikweche ndi mchenga, phulusa, mandimu kapena bwemba. Khungu lakuda kapena lobiriwira ndilo liteteza mkuwa, ndipo akatswiri aliyang'ana pofuna kudziwa ngati kobiri ndi lenileni. Madzi oyera ndi mswachi wofewa zikwana. Pambuyo pake liume bwino.

2. Lirilonse likhale m'kapepala kakekake, pa malo ouma. Limene lirikutuluka ufa wobiriwira lipatulidwe, pakuti likudyeka.

3. Pa kapepalapo palembedwe kumene linapezeka, tsiku lake, ndi amene anali mwini wake. Ngati linabwera ndi agogo ochokera ku nkhondo kapena ku migodi, nkhani yao ilembedwe akulu oidziwa akali ndi moyo.

4. Ana asaliike m'kamwa, popeza muli mtobvu umene udwalitsa.

5. Likapezeka m'nthaka pamodzi ndi mapale, mikanda kapena mafupa, munthu aleke kukumba. Auze a mfumu, ndipo mau afike ku ofesi ya Bwana D.C. ku Phalombe, amene adzadziwitsa nthambi ya Boma yoyang'anira zinthu zakale. Lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale liletsa kukumba zinthu zotere kapena kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo. Fort Lister ndi malo otetezedwa ndi lamulo limeneli, ndipo kufukula manda pofuna ndalama zakale ndi mlandu waukulu.

Chifukwa chake ncha nzeru. Kobiri la ku Manda lija linamveka m'maiko ambiri popeza ofukula anadziwa malo enieni amene linagona ndi zinthu zimene linagona nazo. Likadangotoledwa ndi kugulitsidwa pa msika, likadakhala kamkuwa chabe.

MAU KWA APHUNZITSI

Sukulu iriyonse ingathe kukhala ndi bokosi lake la ndalama zakale popanda kugula kanthu. Ana apemphe kwa makolo kuti awabwereke tsiku limodzi: kobiri la njobvu, theka la akadyansonga, sikisipensi ya tambala ndi shilingi ya chimanga za 1964, masentavo ndi maesikudo a kutsidya kwa malire, ndi la ku China ngati liripo. Mwana aike pepala pamwamba pa ndalamayo ndi kukhwekhweza pang'onopang'ono ndi pensulo, ndipo chithunzi chake chidzaonekera. Pansi pake alembe dziko, chaka ndi nkhani ya mwini wake, ndipo ndalamayo ibwezedwe tsiku lomwelo.

Pa phunziro la mapu ana alondole ulendo wochokera ku Yunnan kupita ku Beijing, ku Canton, ku Zanzibar, ku Quelimane, kufikira pa mpata wa Fort Lister. Pa samu awerenge kulemera kwa zingwe. Wofuna kuona zinthu zina za makolo akale angapite ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1966. Ndipo mphunzitsi akapeza kobiri limene lamkanika kuliwerenga, atumize chithunzi cha mbali zonse ziwiri kwa akulu a nyumba imeneyo, koma kobirilo likhale kwa mwini wake.